Naphiri wa M'thanki ya Galasi

Ine ku Joni ndinapita kukakumba golide, koma ntchito imene ndimaikumbukira kwambiri ndi yopukuta mchere pagalasi. Anzanga a kuno ku Mayani akamasimba za kumigodi ndimangokhala chete, chifukwa ndikati nditchule zanga amandiseka, amati ndinapita kutali konseko kukalera maluwa a m'madzi. Asiyeni aseke, iwo a Gelevazio sanawadziwe.

Kumgodi sindinakhalitseko. Mwala unandiphwanya zala ziwiri za kumanzere, ndipo kapitawo anati ndayamba kuchedwetsa anzanga. Kubwerera kumudzi ndi zala zopindika, sutikesi ili pululu, ndinachita nako manyazi, poti mkazi wanga ndinamusiya ali ndi pakati nditamulonjeza nyumba ya malata. Tsono mnzanga wina wa m'komboni anandinong'oneza kuti ku Debeni, m'mphepete mwa nyanja yamchere, kuli mkulu wina wa ku Mphunzi wophikira mzungu, ndipo mzunguyo akufuna munthu wa m'galadeni. Ndinakwera sitima mtima uli m'mwamba, chifukwa mapepala anga anali a kumgodi, osati a kumeneko.

Mkuluyo ndiye a Gelevazio. Anali aafupi, a dazi lonyezimira, korona osachoka m'khosi, ndipo Chichewa chawo chinali chitayamba kununkhira Chizulu. Atamva kuti mayi anga ndi a kwa Mbewe ngati iwo, anati basi nkhani yatha, ndine mwana wa mlongo wawo, ndiziwatcha amalume. Iwowo ndiwo anandilankhulira kwa bwana mpaka mapepala anga anakonzeka. Tinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja, tiyi tinkamwera m'zitini za jamu chifukwa makapu a m'nyumba sanali a milomo yathu, ndipo galimoto ya apolisi ikaima pamsewu tonse tinkasisita m'matumba kuona ngati mapepala alimo. Bwanayo tinkamutcha Chindevu. Anali nkhalamba yaukali, mkazi wake anamwalira kale, mwana wake wamkazi ankakhala kutali.

Sipanapite nthawi ndisanadziwe kuti amalume anga atsopanowa anali mtchona weniweni. Anachoka ku Mphunzi ali mnyamata, atangomanga ukwati wa m'tchalitchi ndi Naphiri, khanda lili kumbuyo. Zaka zoyambirira ankatumiza mabulangete. Kenako panalowa mowa, panalowa mayi wina wa komweko amene anadzawathawa, ndipo atadzidzimuka anapeza kuti papita nthawi yaitali kwambiri moti sakanadziwanso poyambira. Anangokhala chete, chaka ndi chaka, mpaka tsitsi linatha m'mutu. Apolisi sankawaopa kwenikweni. Chimene ankaopa ndi kuchotsedwa ntchito, chifukwa munthu wakunja ntchito ikatha mapepala atha, ndipo chotsatira ndi sitima ya kumudzi. Ankanena poyera kuti kuli bwino afere m'kachipinda kaja kusiyana ndi kukaonana maso ndi maso ndi anthu amene anawataya.

M'chipinda chochezera cha Chindevu munali thanki ya galasi yaitali ngati bedi, yodzaza madzi amchere. Tsiku loyamba kuiona ndinavula chipewa osadziwa chifukwa chake. Munali miyala yosanjikizana, ndipo pamiyalapo panamera zinthu zobiriwira, zofiirira, zina za nthambi, zina zoyala ngati bowa. Bwana ankazitcha makorali, amalume ankati miyala yamoyo. Pakati penipeni panali chinthu chachikulu ngati mbale, cha zala zambirimbiri zofewa zogwedezeka ndi madzi, nsonga zake zapinki. Azungu amati anemoni. Tinsomba tiwiri tamizeremizere tinkagudubuzika m'zalazo ngati ana pabulangete.

"Pereka moni," anatero amalume akuloza chinthu cha zala chija. "Amenewa ndi a Naphiri."

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Ndinapereka moni.

Ine ndinkayesa kuti zinthu za m'madzi zimangofuna madzi ndi chakudya. Amalume anandiuza kuti ndine mbuli ya kumgodi. Zamoyo zimenezi, anatero, zili ndi munda m'thupi mwawo. Bwana anawafotokozera kuti m'mnofu wa korali ndi wa anemoni mumakhala ndere zazing'ono zosaoneka ndi maso, ndipo nderezo zikalandira kuwala zimapanga chakudya n'kudyetsa mwininyumba. Kuwala kukachepa munda umafa, mwini wake n'kuyamba kuonda. Kukachuluka mwadzidzidzi munda umapsa, chamoyocho n'kutuwa mbuu. Kankhanu kodulidula kamene ankapatsa Naphiri pa kamtengo kanali ndiwo chabe, chakudya chenicheni chinkachokera kumwamba.

Kumwambako kunali bokosi lalitali lokhala ndi nyali zamagetsi zooneka ngati nzimbe, zina zoyera, zina zabuluu. Bwana anali ndi kawotchi koyatsira nyalizo kokha, koma amalume anakazula, amati chinthu chopanda mtima sichingadzutse wamoyo. Ankayatsa okha. Akatha pemphero la m'mawa ankayamba ndi zabuluu, kuti m'thanki muche pang'onopang'ono, kenako atamwa tiyi ankayatsa zoyera. Madzulo ankayamba kuzimitsa zoyera, zabuluu pambuyo. Ine, munthu woleredwa ndi mayi amene ankakukalipira ukayatsa koloboyi kunja kusanade, zinkandiwawa kuona magetsi akuyaka dzuwa likuswa mtengo. Ndinanenapo kamodzi kokha, ndipo amalume anandifunsa ngati kwathu chimanga chimakula usiku.

Ntchito yanga m'nyumbamo inali ya Loweruka. Madzi akamathovoka ankasiya mchere pagalasi lapakati pa nyali ndi madzi, ndipo mcherewo unkaba kuwala. Ndinkalichotsa galasilo, kulitsuka ndi madzi abwino, kulipukuta mpaka amalume aone nkhope yawo. Iwo ali pambali kundiphunzitsa makhalidwe a aliyense. Awa a nthambi ndi adyera, amafuna pamwamba pafupi ndi nyali. Awa ngati bowa ndi amanyazi, ukawakweza amakwinyika, malo awo ndi pansi pamthunzi. Wina akakula n'kutchinga mnzake, wotchingidwayo amayamba kuda ndi kutalika mosayenera, ngati mbewu yomera pansi pa mtengo wa mango. Koma Naphiri sankauzidwa pokhala. Anali ndi phazi limodzi kunsi, ndipo malo akapanda kumukomera ankasamuka yekha, pang'onopang'ono, mpaka apeze pamene kuwala kwamukwanira.

"Ndi khalidwe lake lomwelo," amalume ankatero akupukusa mutu monyadira. "Sumuuza zochita."

Nyali zimenezi zinalinso ndi chinyengo chake. Zikakalamba zinkaonekabe zowala m'maso mwathu, koma mphamvu yake itapita. Amalume ankadziwira pa Naphiri, akayamba kutambasuka kwambiri ndi kukwera mwala. Pamenepo bwana ankagula zatsopano, koma sankaziika zonse tsiku limodzi. Ankasintha imodzi, kudikira, kusintha ina, ndipo pagalasi paja ankayalapo zidutswa za neti, n'kumachotsa chimodzichimodzi pakapita masiku. Apa ndiye ndinamva msanga, chifukwa kudimba kwa bambo anga nazale ya kabichi tinkaifunditsa udzu n'kumaupatulira pang'onopang'ono. Ndinauza amalume zimenezi, iwo anati tsopano mutu wanga wayamba kutuluka mumgodi.

Lamulungu tikabwera ku Misa, bwana atapita kwa anzake, tinkakhala pansi pakapeti kutsogolo kwa thanki. Pampando sitinkayerekeza. Amalume ankamusimbira Naphiri zonse, kuti bondo lawavuta, kuti nyama yakwera mtengo, kuti mnyamata wa ku Mayaniyu amadya ngati chiwala. Nthawi zina ankandifunsa za kumudzi, ngati phiri la Dedza limavalabe nkhungu m'mawa, ngati mapichesi amabalabe. Ndikati tiyeni tikapite limodzi pa tchuthi changa, ankayankha kuti nanga nyali ayatsa ndani. Ndinkawakonda mkulu ameneyu, ngakhale pa nkhani imeneyi ankandipsetsa mtima.

Tsoka linabwera m'nyengo yotentha. Chindevu anagonekedwa m'chipatala, anamuchita opaleshoni ya m'mimba. Ali komweko kunagwa mvula ya ziphaliwali, ndipo china chake chinapsa m'bokosi la nyali. Makina oyendetsa madzi ankagwirabe, koma nyali zonse zinangoti zii. Amalume anathamangira kwa mzungu wokonza magetsi wa pafupi, iye anati sangalowe m'nyumba ya munthu pa mawu a kuki. Kuchipatala anatibweza pageti. Mwana wa bwana atayimbiridwa foni anati tisakhudze kanthu, tidikire, bambo ake asavutitsidwe ndi za nsomba.

Tinadikira. Chipindacho chinali cha windo limodzi loyang'ana kumpanda, kuwala kolowamo kunali kosathandiza. Tinasonkhanitsa nyali za pambali pa bedi, tinaunika ndi tochi, koma zonsezo kwa Naphiri zinali ngati kupatsa munthu wolima supuni ya phala. Makorali anayamba kuda. Naphiri anachoka pamalo pake, anakwera kamwala ka pamwamba penipeni, anatambasuka mpaka kuonekera mkati, kenako anayamba kufota. Kankhanu ankakalavula. Amalume anasiya kudya. Ndinkawapeza atagwada kutsogolo kwa thanki, korona m'manja, ndipo sindikudziwa ngati ankapempherera Naphiri kapena ntchito yawo, mwina iwonso sankasiyanitsa.

Tsiku lina m'mawa anandiitana ndili kuthirira maluwa. Anali atanyamula beseni lochapira. Anandifunsa kuti kwathu munthu akadwala nthawi yaitali m'nyumba timatani naye. Ndinayankha kuti timamuyalira mphasa panja, awothe dzuwa. Aliyense wokulira ku mapiri athu ozizirawa amadziwa zimenezo, wodwala akayamba kutulutsidwa padzuwa ndiye kuti abale ayamba kupuma. Komabe ndinawakumbutsa za neti, kuti kodi si iwo amene anandiphunzitsa kuti kuwala kwadzidzidzi kumawotcha.

"Zimenezo ndi za nyali," anatero. "Nyali anapanga ndi anthu, imalakwitsa. Dzuwa ndi la Mulungu, ndipo iyeyu anabadwira padzuwa."

Mawuwo anandimveka anzeru, ndipo mpaka lero ndikawaganiza amamvekabe anzeru. Tinatunga madzi a m'thanki momwemo, amalume ananyamula Naphiri ndi kamwala kake komwe, osamukhudza thupi, ndipo ine ndinasenza beseni mpaka pakhonde lakumbuyo pamene dzuwa linkafika bwino.

Poyamba zinaoneka ngati tapambana. Naphiri anatupa, zala zinatambasuka, pinki uja anawala kuposa mmene ndinamuonera m'nyumba. Amalume anavina, mkulu wa bondo lovuta, kuzungulira beseni akuwomba m'manja. Anati timusiye akhute, wakhala ndi njala nthawi yaitali. Iwo anapita kukachapa makatani pokonzekera kubwera kwa bwana, ine ndinapita kukadula mpanda.

Chimene tonse awiri tinaiwala n'chakuti dzuwa la ku Debeni si la ku Dedza. Kwathu limabwera ndi kamphepo, limakusisita. Kumeneko limaluma. Ndipo beseni si nyanja. Pamene tinabwerera masana, madzi anali ofunda ngati osambitsira khanda. Naphiri anali atayera, kukamwa kuli yasa, zala zili lende. Tinamubwezera m'thanki mothamanga, amalume akumuitana dzina, koma pofika m'mawa mwake anali atayamba kusungunuka, ndipo tinachita kumuchotsa kuti asaphe anzake.

Amalume anakana kuti timutaye m'bini. Ndinakumba kadzenje pansi pa mpapaya, anamukulunga m'kansalu koyera ka m'khitchini, ndipo tinamuika. Fungo lake linali loti ungathawe, koma palibe anasuntha. Ndinkafuna kuseka, amuna awiri akuluakulu kulira maliro a chinthu chopanda maso, koma nditaona nkhope yawo kuseka kunatha. Analira ngati mwana. Tinsomba tija tinkangozungulira pamwala wopanda kanthu.

Tsiku lotuluka bwana m'chipatala amalume anavala jekete la ku Misa, sutikesi atamanga kale. Anaima pakhomo n'kunena zonse bwana asanakhale n'komwe pansi. Chindevu anakalipa mpaka kugwira pabala pake. Anatitchula mayina amene sindingawabwereze pano. Anati mdima ukanatenga nthawi kuti umuphe, akanapirira mpaka iye abwere, koma ife tamuphika tsiku limodzi. Amalume anangoweramitsa dazi lawo, kudikira mawu aja ankawaopa moyo wawo wonse.

Mawuwo sanabwere. Bwana atatopa anakhala pampando, anapempha tiyi, n'kunena kuti sutikesi ikamasulidwe, asiye zopusa, kuli anyamata ku doko amene amagulitsa zinthu zimenezi, agula wina.

Ine ndinapuma. Ndinayesa kuti amalume avinanso. Koma iwo anangoti zikomo bwana, n'kupita kukhitchini mwakachetechete.

Nyali zinakonzedwa tsiku lotsatira, poti tsopano wolankhula anali mzungu. Makorali anachira pang'onopang'ono pansi pa neti. Anemoni watsopano anabwera, wobiriwira, wokongola kuposa woyamba, ndipo tinsomba tija tinalowamo osachita n'komwe manyazi. Amalume ankamusamala bwinobwino, zabuluu poyamba, zoyera pambuyo, koma sanamupatse dzina ndipo Lamulungu sankakhalanso pakapeti. Anayamba kundiyatsitsa ine nyali, iwo ataima kumbuyo. Sutikesi ija ndinaona kuti sanaimasule.

Tsiku lina tikusenda mbatatesi kuseri anangoyamba okha, osandiyang'ana.

"Bwana anati agula wina, ndipo wagula. Nanga ine ndikagula kuti? Wa m'galasi uja mdima wa masiku ochepa ndinasowa nawo tulo. Mwini dzina ndinamusiya mumdima kuyambira iwe usanabadwe, ndipo ndinkagona bwinobwino."

Ndinangopitiriza kusenda. Anati tchuthi changa chikakwana tinyamukire limodzi, ndipo iwo sadzabwereranso. Chindevu sanamvetse. Anawonjeza malipiro, anakalipa, ananyengerera, pomaliza anawapatsa jasi lake lakale n'kutembenukira kuthanki kuti tisaone nkhope yake.

Ulendo unali wautali, ndipo amalume ankachepa thupi tikamayandikira. Pamalire ine anandimeta tsitsi, anatigulitsa makhadi a chipani, iwo ankangovomera zilizonse. Titayamba kuona mapiri a kwathu anagwira dzanja langa lopindika lija osalisiya mpaka pa Dedza boma. Tinafikira kwathu ku Mayani. Malata anali atakhomedwa, mkazi wanga atanenepa, ndipo mwana wanga amene ndinali ndisanamuonepo anathawira kuseri kwa nkhokwe, akufunsa amake kuti alendowa achoka liti. Zinandibaya, koma ndikayang'ana amalume ndinkaona kuti langa ndi bala laling'ono.

Sanafune kungotulukira. Anatuma uthenga kwa ankhoswe, koma ankhoswe onse awiri anali kumanda. Amene anabwera ndi mdzukulu wa mmodzi wa iwo, mphunzitsi, ndipo anatiuza mosabisa. Naphiri ali moyo. Sanakwatiwenso, poti ukwati unali wa m'tchalitchi ndipo panalibe amene akanachitira umboni kuti mwamuna anafa. Analera yekha mwana uja, Agnesi, amene tsopano ali ndi ana akuluakulu. Agnesi wanena kuti bambo ake anamwalira kalekale ndipo sakufuna mizukwa pakhomo. Mayi ake sananene kanthu, ayi kapena inde.

Tinapita m'mwezi wa chisanu, m'mawa nkhungu itangoyamba kuchoka. Njira yonse amalume ankayeseza mawu oti akanene, akuwasintha, akundifunsa ngati akumveka. Titalowa m'mudzi anthu anatuluka m'nyumba koma palibe anatilonjera. Mayi wina wamtali, wa mphumi ngati ya amalume, anaima pakhonde manja atapinda pachifuwa, ndipo sindinafunse kuti ndani. Pabwalo, pamphasa, panali gogo wamng'ono thupi atafunda nsalu ziwiri, akusankha nyemba m'lichero.

Amalume anayenda mpaka pamphasapo, anavula chipewa, n'kuima. Mawu onse aja anathawa. Jasi la Chindevu linkawalendewera m'mapewa. Anaima choncho nthawi yaitali, nkhuku zikupalasa pabwalo. Gogoyo sanadzutse mutu. Anatola kamwala m'nyemba, anakataya, anatola kena.

"Agnesi, ndani wanditchinga dzuwayu?"

"Ndi aja," anayankha Agnesi ali pakhonde pomwepo.

Gogoyo anakweza maso. Anawayang'ana kuyambira kunsapato, jasi, korona, mpaka padazi, osafulumira. 

"Mwakalamba moipa," anatero. "Tsono muima pomwepo mpaka liti? Ine ndikuzizidwa."

Anakokera lichero pamiyendo, nasendera kumapeto kwa mphasa.